Chijasi cha Mayi Kachala ndi Envulopu Yomata

Pakati pa Amalawi a mu Nairobi panalibe amene anayenda maiko ambiri kuposa chijasi cha mayi Pauline Kachala. Chinali chijasi chotuwa, chofika m'mawondo, chaubweya m'kati, cholemera ngati bulangete lonyowa. Mayiwo anachigula pa kaunjika ku msika wa Toi chaka chomwe amuna awo anamwalira, n'kuchisintha zipi, n'kuchisokera kathumba kam'kati kosungiramo pasipoti. Sanachigulire kuzizira ayi, anangokopeka ndi kasokedwe kake monga amachitira atelala. Koma mbiri inawanda, ndipo kuyambira pamenepo aliyense woitanidwa kumsonkhano kumaiko ozizira ankayamba wakwera minibasi, yomwe kumeneko amati matatu, ya ku Rongai kukabwereka. Chijasicho chinakafika ku Geneva kanayi, ku Canada kawiri, za ku Sweden anthu analeka n'kuwerenga komwe. Chinkabwerako chikununkha thukuta la mabwana, m'matumba muli timapepala ta maswiti, nthawi zina batani litathothoka, wobwerekayo osanenako ngakhale pepani. Mayi Pauline ankachichapa, kuchiyanika pamthunzi, n'kuchipachika kuseri kwa chitseko cha shopu kudikira bwana wina. Mwini wakeyo anali asanakwerepo ndege.

Kwawo n'ku Nkhotakota, kufupi ndi pa Mawira, pamene madzi amatuluka pansi ali otentha. Ali mtsikana ankakachapa pamenepo, ndipo pomwe anzawo ankangokondwera kuti litsiro likuchoka msanga, iwo ankasautsa akuluakulu ndi funso limodzi: kodi pansipo akusonkhezera moto ndani? Yankho lomwe ankalandira linali lakuti mwana wamkazi wa mafunso sakhalitsa pabanja. Pabanja anakhalitsa ndithu, zaka makumi awiri ndi zitatu, ndi a Gregory Kachala, dalaivala wa bungwe lina la mpingo. Bungwelo litawasamutsira a Gregory ku Nairobi, banjali linabwera pabasi, masiku atatu panjira, mutu wa makina osokera uli pamiyendo pa mayi Pauline kuyambira ku Songwe mpaka ku Namanga, chifukwa sanalole kuti makondakitala awuponye pamodzi ndi matumba a mpunga.

A Gregory atamwalira, aliyense anayembekezera kuti mayi wamasiye amanga katundu n'kubwerera kwawo kukakhala pakhonde. Maliro anakaikadi kumudzi, miyambo yonse anamaliza, kenaka n'kukweranso basi yomweyo. Anakonzetsa zikalata zawo, n'kutsegula shopu ku Rongai kuseri kwa siteji, pakati pa wogulitsa gasi ndi wometa tsitsi. Pomwe nkhaniyi ikuchitika anali ndi makina atatu, amayi awiri achikenya osoka nawo, maoda a yunifolomu a masukulu awiri, ndi nyumba ya njerwa ku Lilongwe momwe munkakhala anthu a lendi. Mwana wawo Watipa anamuphunzitsa ndi singano mpaka kukhala namwino ku Zomba. M'Rongai ankadziwika kuti Mama Fundi wa ku Malawi, kutanthauza mayi mmisiri, ndipo munthu ukabweretsa nsalu yotchipa n'kunama kuti ndi ya ku Dubai, ankangoifikisa ndi zala ziwiri n'kukuyang'ana mpaka uulule wekha.

Cholakwa chawo chinali chimodzi: ankakonda kukaona zinthu. Ife Amalawi timadziwa zifukwa zitatu zokwerera basi, maliro, ukwati ndi msonkhano wa alawansi. Ukanena kuti mawa ukupita kwakuti, anzako amayamba agwira pamtima n'kufunsa kuti watisiya ndani. Koma mayi Pauline chaka chilichonse ankatseka shopu masiku awiri n'kupita kumene sikunafe munthu. Anakakwera phiri la Longonot ali ndi zaka makumi asanu, atamanga chitenje, kuphazi nsapato za tenesi, kuti akangosuzumira m'chidzenje cha pamwamba pake. Anapita ku Magadi kukaponda nthaka yoyera ija. Anapita ku Naivasha kukaona nthunzi ikufuka m'mapiri. Akabwerako, amayi a kutchalitchi ankapukusa mitu n'kumanong'onezana kuti umasiye wawazunguza, kapena kuli bambo wina kumeneko. Zoti munthu angatuluke m'nyumba kukangoyang'ana dziko lomwe Mulungu analenga sizinkalowa m'mutu mwa wina aliyense.

Za Iceland anazimva kwa kasitomala wawo, mayi wina wachizungu wamtali amene ankagwira ntchito ya magetsi a nthunzi ku Naivasha komweko, ndipo ankabwera kudzasoketsa madiresi a chitenje. Dzina lake linali lothyola lilime, choncho mayi Pauline ankangomuti Guda. Tsiku lina akumuyeza mapewa anamuuza za pa Mawira ndi za funso lawo lija. Guda sanaseke. Anatulutsa foni. Kwawo, anatero, ndi chilumba cha kumpoto kwenikweni, kumene madzi otentha a pansi amawakoka m'mapaipi kuti afunditse nyumba. Kuli malo ena madzi amadumpha okha kuchokera m'dzenje kupitirira mtengo wa bulugamu, kupuma pang'ono, n'kudumphanso. Ena amakwirira mphika wa buledi mumchenga wotentha n'kudzaufukula mawa lake buledi atapsa. Ndipo chaka chimenecho phiri lina linali litang'ambika, likulavula moto, anthu akuyenda wapansi kukaonerera atakhala pamiyala ngati ali kumpira. Mayi Pauline anaonera kanemayo katatu, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Moto womwe ankaufunsa ali mwana uja unali utatulukira pamtunda, ndipo kunali basi yopita kufupi nawo.

Mwina akanangokhutira ndi foni ya Guda chikhala kuti maso sanayambe kuvuta. Anayamba kugunda mipando ya m'shopu mwawo momwe, ndipo tsiku lina njinga yamoto ya bodaboda inawakhula chigongono pamsewu wa Magadi asanaione n'komwe. Dokotala wa maso sanawabisire. Nthenda yawo imadya maso kuyambira m'mbali kulowera pakati, mankhwala odontheza amangoichedwetsa, ndipo chomwe chadyedwa sichibwerera. Diso lamanzere linali litapita kale kutali. Lamanja linali likadali bwino, koma dokotalayo anakana kulonjeza kuti mpaka liti. Mayi Pauline anatuluka, anakhala pabenchi kanthawi, ndipo pofika pasiteji anali atagamula kale. Akauona motowo chaka chomwecho, diso likadalipo. Za masozo anangouza amayi asanu ndi mmodzi a gulu lawo la pemphero kuti awakumbukire, ndipo mmodzi mwa amayiwo anali mkazi wa wapampando wa gulu la Amalawi a mu Nairobi.

Anakonza zonse mwadongosolo. Watipa anawathandiza pafoni kupeza kampani ya maulendo yomwe inali ndi gulu lokaona malo masiku asanu ndi limodzi mu Seputembala. Kalata ya ku banki inalipo, ya shopu inalipo, inshulansi, malo ogona, tikiti yobwerera, zonse m'fayilo ya buluu. Kenaka anatsitsa chijasi chija kuseri kwa chitseko, anachiyala patebulo, n'kutenga choko ndi sizasi. Iwo anali mayi wamfupi, wochepa thupi, pomwe chijasicho anachisokera chimunthu chachikulu. Anadula mikono, anabweza mapewa, m'munsi anachotsamo chikhatho chathunthu. Atachiyesa pagalasi amayi awiri aja anawomba m'manja, ndipo iwo anachita manyazi n'kuchivula msanga.

Chinatsala n'kutsazika. Amalawi a mu Nairobi anali ndi gulu lawo lotchedwa Tiyanjane, lomwe linkakumana Lamulungu loyamba la mwezi mu holo ya tchalitchi china ku Madaraka, Akatolika ndi a mipingo ina pamodzi. Munthu sankapita kutali osatsazika kumeneko, chifukwa ukakagwa kunjako, adzanyamula mtembo wako ndi anthu omwewa. Wapampando anali bambo Titus Chikopa, mkulu wa mpingo, munthu wathupi lake, wamtima wothandiza umene sunkayamba wafunsa ngati ukufunika. Ntchito yawo kwa zaka makumi awiri inali yolembera mabungwe makalata opempha thandizo kumaiko a azungu, ndipo ankadzitama kuti kalata yawo sinabwererepo chimanjamanja. Chijasi chija anali atachibwerekapo kasanu.

Mayi Pauline ataimirira n'kunena kuti akupita ku Iceland, anthu onse anatembenukira kwa iwo.

"Mwaitanidwa ndi bungwe liti, mayi?" anafunsa a Chikopa.

"Palibe wandiitana. Ndikukangoona."

"Kukaona ndani?"

"Phiri, bambo. Ndi madzi."

A Chikopa anamwetulira mwachifundo, n'kuvula magalasi.

"Mayi Kachala, azungu ndimawadziwa ine, ndadya nawo patebulo limodzi. Mukakanena ku embassy kuti mukukaona phiri, akakusekani. Viza imafuna story. Koma musadandaule, mutu umodzi susenza denga. Tikulemberani kalata ya gulu, ya chidindo, hakuna shida, palibe vuto."

"Zikomo, koma zikalata zanga zakwana kale."

"Zakwana bwanji popanda umboni wa akuluakulu? Kodi kwathu kuja munthu amasamuka wopanda kalata ya mpingo?"

Anthu anavomereza, ndipo mayi Pauline anagonja, chifukwa mawuwo anawagwira pomwe analeredwera. Anakulira mumpingo momwe Mkhristu akamapita kwina amanyamula kalata ya akulu, yomata, n'kukaipereka chimatire kwa akulu a kumeneko. Kuitsegula panjira n'kunyoza dzanja lomwe linalemba. Choncho Lachitatu lotsatira a Chikopa atabweretsa envulopu yakhaki, yomata ndi guluu, pamwamba selotepi, chidindo chili pamsoko penipeni, iwo anailandira ndi manja awiri n'kuiika m'fayilo ya buluu ija. Ku ofesi yolandirira zikalata, mayi wa pawindo anafunsa ngati envulopuyo nayo ipite. Iwo anati eya. Mayiyo anaing'amba, anayang'ana pepalalo, anayang'ana mwini wake, n'kuliphatikiza ndi enawo.

Patatha milungu itatu pasipoti inabwera yopanda viza, pamodzi ndi pepala la timabokosi, tiwiri titachongedwa. Koyamba kankati cholinga cha ulendowu n'chosadalirika. Kachiwiri kankati pali chikaiko ngati wopemphayu adzabwerere. Mayi Pauline anaima m'mbali mwa msewu, pepala atalisendeza pafupi ndi diso lamanja. Iwo osabwerera? Maoda a Januwale amusiyire ndani? Zikalata zonse za m'fayilo ankazidziwa ngati msoko wosoka okha, kupatula chimodzi.

Anakwera matatu ya ku Kawangware, kumene kunkakhala Miriam, mnzawo wa kwaya yemwenso anali mlembi wa Tiyanjane, n'kupempha kope la kalatayo. Miriam anayamba wazengereza, anatereka tiyi, anafunsa za Watipa. Kenaka anaitulutsa m'fayilo ya gulu n'kuyamba kuwerenga akumasulira m'Chichewa, mawu ake akunka nacheperachepera.

Kalatayo inkati mayi Pauline Kachala ndi mayi wamasiye wosauka, wochokera kudziko losaukitsitsa, wosiyidwa yekha kuchilendo popanda womusamala. Inkati amapeza chakudya movutikira posoka zigamba m'mbali mwa msewu. Inkati akuchita khungu, ndipo chiyembekezo chake chomaliza ndi anthu achifundo a ku Iceland, amene mwina angamupezere chithandizo cha maso ndi poyambira moyo watsopano. Pomaliza inkapempha kuti, popeza mayiyu alibe chilichonse chomwe wasiya m'mbuyo, amumvere chisoni.

"Werenganso pa zigambapo," anatero mayi Pauline.

Miriam anawerenganso.

Kunena zoona, a Chikopa sanalembe kuti awononge. Analemba kalata yokhayo yomwe dzanja lawo linkadziwa. Zaka makumi awiri akulembera kumpoto anali asanalembepo chiganizo chonena kuti Mmalawi ali ndi kanthu. Kwa iwo pakhomo pa mzungu umagogoda utavala sanza, ndipo ngati sanza ulibe umachita kubwereka. Ndiye anatenga mayi wa makina atatu, amene sanapemphepo munthu ngakhale ulusi, n'kumuvula zonse zomwe anakhetsera thukuta, n'kukamuimika pakhomo pa eni ake atatambasula dzanja. Za maso, zomwe mayiwo ananong'oneza pamaso pa Mulungu ndi anzawo asanu ndi mmodzi, anazitayipa n'kuzidinda chidindo. Zoterezi zimapsetsa mtima kuposa kuberedwa, chifukwa wakuba sabwera mawa lake kudzafunsa ngati wathokoza.

Lamulungu loyamba la mwezi wotsatira mayi Pauline anadikira mpaka pa zina ndi zina, n'kupempha kuti mlembi awerenge kalata yomwe gulu linawalembera. Miriam anawerenga ataweramitsa mutu. Atamaliza, mayiwo anaimirira.

"A wapampando, ndimati mundidziwitse mayi ameneyu. Ine sindikumudziwa."

"Mayi Kachala, musazitenge personal. Imeneyo ndi format. Ndi mmene timalembera kuti zinthu zitheke."

"Zatheka?"

"Mwina munangopeza officer wouma mtima. Ine ndimafuna kukuthandizani."

"Suti mwavalayo anasoka ndani?"

A Chikopa anayang'ana mkono wa jekete lawo ngati auona koyamba.

Mayi Pauline anapitiriza: "Inasokedwera m'mbali mwa msewu imeneyo? Aonetseni anthuwa pamene pali chigamba. Nanga za maso, ndinakutumani ine kuti mukandipemphere maso kwa azungu? Masowa ndi anga, kumene akupita ndikukudziwa, n'chifukwa chake ndinali pachangu. Ine sindimakapempha kanthu kumeneko, bambo. Ndimati ndilipire ndekha, ndione phiri, ndibwerere kudzasoka mayunifolomu."

"Koma mayi," anatero a Chikopa atatambasula manja, "mzungu sapereka kanthu kwa munthu amene ali nazo kale."

Ananena ndi mtima wonse, ndipo chowawa kwambiri n'chakuti theka la holo linagwedeza mutu kuvomereza. Wina kumbuyo anati mayi asamayankhe akulu chotero pagulu. Wina anati mwina Mulungu wawapewetsa ngozi ya ndege, tisamadandaule zinthu tisanazimvetse. Msonkhano unatsekedwa ndi pemphero lopempha mtima wokhululuka, ndipo aliyense anamva kuti pempherolo likuloza ndani. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo tsiku limenelo anauzimadi, koma anazima wa munthu wolakwiridwa. Mayi Pauline sanadikire tiyi. Anayenda wapansi mpaka pasiteji ya pafupi ndi bwalo la masewero, ndipo m'matatu yonse ya ku Rongai, nyimbo zikugunda mpaka m'mafupa, sanamve kalikonse.

Gulu la Seputembala linapita popanda iwo. Akanatha kufunsanso viza nthawi yomweyo, koma miyezi yotsatirayo dzuwa kumeneko limangosuzumira maola ochepa n'kulowanso, ndipo maso awo mumdima sankagwira ntchito. Kunali kudikira Juni basi. Kalata yachiwiri analemba okha, akunena pafoni Watipa akutayipa. Inali yaifupi. Inatchula makina atatu, amayi awiri apantchito, masukulu awiri ndi nyumba ya ku Lilongwe. Inanena kuti kalata yoyamba ija inalembedwa ndi munthu wina ndipo iwo anaipereka osaiwerenga. Inanena kuti maso awo akudwaladi, dokotala wawo ali ku Nairobi ndipo safuna wina. Chiganizo chomaliza Watipa anafuna kuchikometsa, koma mayi ake anakana: sindikupempha chilichonse, ndikufuna kukaona phiri.

Nthenda sinadikire nawo. Diso lamanzere linazimiratu cha pa Khirisimasi. Lamanja linayamba kupanikizika m'mbali, pang'onopang'ono, mwakuti kudula nsalu anasiyira mmodzi wa amayi aja, iwo n'kumangoyeza ndi kulondolera. Ulusi ankaulowetsa pasingano ndi zala, mwachizolowezi, nkhope atayang'ana kwina kuti makasitomala asazindikire. Cha mu Januwale Guda anatumiza uthenga kuchokera kwawo, wa moni ndi zithunzi za ana ake, ndipo kumapeto kwake anatchulako kuti phiri lija laleka.

Mu Febuluwale a Chikopa anatulukira pashopu atanyamula phava la nthochi, nkhope ili mwee ngati panalibe chinachitika. Anali ataitanidwa ku Sweden kumsonkhano wokambirana za umphawi wa amayi amasiye.

"Ndiye ndimati ndidzabwerekeko chija, mayi."

Mayi Pauline sanakane. Anachitsitsa kuseri kwa chitseko, n'kuwagwirira m'mapewa mwaulemu monga amachitira ndi kasitomala. Dzanja la a Chikopa linalowa mpaka m'chigongono n'kukakamira pomwepo. Anayesa linalo, anakoka, msoko unalira.

"Chachepa bwanji chimenechi?"

"Sichinachepe, bambo. Chili pa saizi ya mwini wake."

Tsiku limenelo a Chikopa anapita ku Toi kukagula chijasi chawochawo, koyamba m'moyo wawo, ndipo nthochi zija anadya amayi a m'shopu.

Viza inatuluka mu Meyi. Mu Juni mayi Pauline anakwera ndege ziwiri, pasipoti ili m'kathumba komwe anasokera anthu ena. Anatsikira m'dziko lopanda mitengo, la miyala yakuda yokutidwa ndi ndere, mphepo yake yoluma makutu, dzuwa lake losafuna kulowa. Atatsegula mpopi wa madzi otentha m'chipinda chogona, munatuluka kafungo ka mazira owola, ndipo iwo anaseka okha mpaka misozi, chifukwa kanawafikitsa pa Mawira.

Koma pofika nthawi imeneyo dziko ankalionera pa kabowo, ngati munthu wosuzumira m'kati mwa chitsulo chokulungira ulusi. Pamalo a madzi odumpha paja anthu anazungulira dzenje, mafoni ali m'mwamba. Madzi anatupa, anaphulika, anthu anakuwa. Mayi Pauline anaona tsinde lokha. Pomwe amati akweze mutu kutsatira, madzi anali atagwa kale, nthunzi yofunda ikuwanyowetsa kumaso. Sanasunthe. Ulendo wachiwiri analoza diso pakati n'kudikira. Wachitatu analoza kumwamba, n'kuona nsonga yoyera ikumwazika. Anaima pamenepo mpaka madzi anadumpha kasanu ndi kanayi, akutola chidutswa chimodzi ulendo uliwonse n'kumalumikiza m'mutu monga amachitira ndi mbali za diresi. Woyang'anira gulu anachita kubwera kudzawagwira pamkono kuti basi ikunyamuka.

Kuphiri kuja anayenda maola awiri, atagwira chigongono cha mayi wina wa ku Korea amene sankamvana naye chinenero chilichonse. Atafika pamwamba pa chitunda, woyang'anirayo analoza chigwa. Chinali chakuda chonse, chouma, chokhala ndi ming'alu yomwe inkafuka nthunzi apa ndi apo. Anafotokoza mwansangala kuti amene anabwera Seputembala wathayu anaima pomwepa, moto ukudumpha patsogolo pawo, kutentha kukufika kumaso mpaka ena kuvula majasi. Mayi Pauline anasesa chigwacho ndi kabowo kawo kuchokera kumanzere mpaka kumanja, mzere ndi mzere, kufunafuna ngakhale khala limodzi lofiira. Panalibe. Anatsetsereka pang'ono mpaka pomwe mwala wakudawo unathera, anagwada, anavula golovesi, n'kuika chikhatho pafupi ndi mng'alu. Munkatuluka mpweya wofunda. Moto unali utabwerera pansi, kumene unali iwo ali mwana. Anzawo ankaganiza kuti akupemphera, koma iwo mtima unali utadzaza ndi ukali, akuona envulopu yakhaki ndi manja awo awiri akuilandira.

Wotsazika amayenera kudzanenanso kuti wabwera. Lamulungu loyamba la Julaye mayi Pauline anali ku Madaraka, atavala chijasi chawo chifukwa Nairobi anali atazizira. A Chikopa anatsegula nkhaniyo okha, mokondwa.

"Tithokoze Mulungu, mayi athu apita ndipo abwerako bwino. Gulu linayesetsa mbali yake, ndipo mapemphero athu ayankhidwa. Tatiuzeni, mayi, mwationera zotani kumeneko? Simunapezeko ma contact oti n'kutithandiza pa project ya ana amasiye?"

Mayi Pauline anaimirira, n'kuyamba kutembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Muli pati, a wapampando? Talankhulaninso."

"Ndili pano, mayi," anatero a Chikopa, mawu atatsika.

Anawapeza. M'kabowo muja munangokwana nkhope yawo yokha.

"Dzikolo lilipo, ndipo n'lokongola. Madzi ndawaona, zidutswazidutswa. Moto ndinaupeza utazima. Chaka chatha moto unalipo, diso linalipo, tikiti inalipo. Zomwe sindinaonezo zili mu envulopu yanu ija, bambo. Mukaitsegule muone, inu maso muli nawo."

Mayi Pauline anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo kwawo, anaupeza, n'kukhala. Miriam, cholembera chili m'mwamba, anawaweramira n'kufunsa chapansipansi ngati zimenezo alembenso m'maminitsi.

"Lemba," anatero mayi Pauline, "ndipo usamate."